Ndithandizeni kukonza router ya kunyumba

Anzanga odziwa za netiweki, ndithandizeni. Ndikufuna kuti mafoni a ana asamalowe pa Wi-Fi ikakwana 9 koloko usiku. Ndinalowa pa tsamba la settings za router (192.168.1.1) n'kulemba MAC address (nambala imene router imazindikirira chida) ya foni iliyonse pa Access Control, pomwe pamaletsedwa kapena kuloledwa zida. Vuto ndi loti mafoni amasiku ano amatha kusintha MAC address, ndiye mwana akangogwiragwira pa settings, router imaiona ngati foni yachilendo n'kuilola. Kodi ndiike whitelist kuti ziziloledwa zida zokhazo zomwe ndalemba, alendo azilowa pa guest network?

Chinanso ndi QoS, setting ya pa router yosankha ntchito zoyenera kutsogola pogawa liwiro la intaneti. Ndikakhala pa msonkhano wa pa vidiyo wina n'kuyamba kutsitsa mafilimu, mawu amangodukaduka. Mu QoS, pa upload ndi download ndilembe liwiro lonse la intaneti yanga, kapena ndichepetseko pang'ono?