Funso: Pisito ya malemu agogo yachita dzimbiri, kodi ingakonzedwe n'kugwiranso ntchito?

Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa za mfuti zakale. Banja lathu kuno ku Mchinji likusunga mfuti yaing'ono ya pisito imene malemu agogo athu aamuna anabwera nayo kuchokera ku nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Iwo anali msilikali wa King's African Rifles ndipo anakamenya nawo nkhondo ku Burma mu 1944. Ankanena kuti anapatsidwa ndi mzungu amene ankawatsogolera, zomwe n'zomveka chifukwa mfuti zotere ankanyamula kawirikawiri ndi maofesala, pamene asilikali wamba ankanyamula zazitali za Lee-Enfield.

Pambali pake, pomwe dzimbiri silinadye kwambiri, pakuwerengeka dzina lakuti Webley, ndiponso pali kachizindikiro konga mutu wa muvi kamene boma la Britain linkadinda pa katundu wa asilikali. Ndi mtundu uja umene umapindika pakati poikamo zipolopolo, koma chifukwa inakhala zaka zambiri m'bokosi lachitsulo itakulungidwa m'chiguduli chonyowa, panopa siikupindikanso, ndipo chitsulo chozungulira cha mabowo 6 chinagwirana ndi thupi lake moti sitingathe kuona ngati muli chipolopolo.

Amalume akufuna kuti wowotcherera zitsulo wa pa Kamwendo aitenthe pang'ono, aipale ndi galainda, kenako iziwomba poopseza akuba ng'ombe. Ine mtima sukundilola. Kodi mfuti yotere ingabwerere mwakale osaononga zolembedwazo, ndipo malamulo akutilola kuisunga?

Yankho la msilikali wopuma ntchito:
Mwana wanga, auzeni amalume anuwo kuti moto usayandikire mfuti imeneyo. Mfuti iliyonse imene simunaione m'kati muziyesa kuti ili ndi chipolopolo, ndipo wonga wakale ukatenthedwa umatha kuphulikabe ngakhale patapita zaka 80. Za malamulo n'zosachita kufunsa: lamulo la mfuti lotchedwa Firearms Act sililola munthu kukhala ndi mfuti popanda chiphaso, ndipo chiphaso sichikhala cholowa cha banja monga munda. Pitani kupolisi manja ali lende mukafotokoze mbiri yonse, iwo ndi amene adzaitenge kapena kukuuzani chochita. Musakwere nayo minibasi, chifukwa pa rodibuloko palibe amene adzamvetsere nkhani ya ku Burma, makamaka m'boma la m'malire ngati lanuli, kumene apolisi akhala akulimbana ndi mfuti zolowa mozemba kuyambira nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992.

Yankho la mphunzitsi wa ntchito za zitsulo ku Kasungu:
Ndikugwirizana ndi bambo ayankhawa, ndipo ndingowonjezera za chitsulocho. Dzimbiri lofiira la pamwamba limachoka, koma limene lalowa m'kati mwa mpope ndi m'mabowo a zipolopolo limasiya timaenje, ndipo pamenepo chitsulo chimakhala chitapyapyala ngakhale kunja kukuwala bwanji. Mfuti yotere ikawombedwa imatha kung'ambikira m'manja mwa mwini wake. Choncho maganizo akuti iziwombanso muwasiye, ndipo zipolopolo zake, kaya ndi za saizi ya .455 kaya ya .38, si zopezeka wamba, kotero kuti anthu amayamba kuyesa zosayenera.

Chimene chingapulumutsidwe ndi maonekedwe ake ndi mbiri yake. Galainda ndi sandipepa zimafufuta dzina, nambala ndi chaka, zomwe ndi umboni wokhawo wa kumene inachokera, ndipo viniga amachotsa dzimbiri limodzi ndi mtundu wake wakuda wa kufakitale. Pakali pano ichotseni m'chigudulicho, muiike pouma pamene ana safikapo, osakhudza chowombera, ndipo muijambule zithunzi zooneka bwino mbali zonse. Ntchito yoitsegula ndi ya katswiri wa mfuti wa apolisi kapena wa asilikali, osati ya pamsika. Mukamalankhula ndi apolisi mutchulenso nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri ku Blantyre, kuti mwina ikasungidwe ndi dzina la agogo anu m'malo moonongedwa.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri, akuluakulu. Ndiwawerengera amalume mayankho anuwa, ndipo kupolisi tipita limodzi ndi a nyakwawa kuti akatichitire umboni. Kodi mendulo za agogo ndi chikalata chawo chotulukira usilikali tizinyamule tsiku loyambalo, kapena tidikire kuti apolisi achite kutifunsa?