Okwera akungosanza m'chapa, titani?

Wa Ulongwe: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru, ine ndimayendetsa chapa, minibasi yonyamula anthu. Ndikanyamuka ku Ulongwe kutsikira ku Tete, tisanafike n'komwe pa Mussacama mpando wakumbuyo wayamba kale: ana kusanza, amayi chizungulire. Kutsuka mipando kwanditopetsa. Ena akuti ndi fungo la dizilo. Zoona?

Wa Moatize: Fungo limangowonjezera, achimwene. Nanga inuyo simununkhiza dizilo yemweyo? Bwanji simusanza?

Mkulu wa ku Domwe: Funso lenileni ndi limenelo. Mkatikati mwa khutu muli timachubu titatu ta madzi tomwe timamva mutu ukatembenuka, komanso tizigawo tina tomva galimoto ikamathamanga kapena kuima. Ubongo umatenga uthenga wa khutu, wa maso ndi wa minofu n'kuuphatikiza kuti udziwe mmene thupi likuyendera. Tsono wakumbuyo uja maso ali pamsana pa mpando kapena pafoni, akunena kuti takhala phee, pomwe khutu likuti tikukhota. Mboni ziwiri zikatsutsana chonchi, nseru imabwera. Inu oyendetsa mumaona pokhota musanafikepo, chiwongolero chilinso m'manja mwanu, ndiye ubongo umayembekezera zomwe khutu linene.

Zoti ndi khutu zinaonekeratu m'zaka za m'ma 1960, pomwe a NASA, bungwe la ku America lofufuza za m'mlengalenga, anayesa amuna 11 osamva a ku Gallaudet, koleji ya anthu osamva ku America komweko, amene mkati mwa khutu mwawo munali mowonongeka. Anawazunguza m'makina mpaka kuwakweza sitima pa nyanja yolusa, koma iwo osasanza.

Wa Moatize: Ndiye ndifunse, achimwene. Matumba a mbatatesi ndi kabichi mumaika pati?

Wa Ulongwe: Ena pamwamba, otsala timasanjikiza mkati, kutsogolo kwa mpando womaliza. Mawindo akumbuyo ndinaikanso makatani chifukwa cha dzuwa la ku Tete.

Mkulu wa ku Domwe: Ndiye mwawatsekera maso nokha, bambo! Chotsani makatani, katundu asapitirire paphewa. Amene mukudziwa kuti sachedwa nseru, makamaka ana a msinkhu wa pulayimale, akhale kutsogolo, aziyang'ana kutali, foni m'thumba. Windo likhale lotsegulako, ndipo mabuleki odzidzimutsa muchepetse.

Wa Tsangano: Alipo mapiritsi a dimenhydrinate, amamwa ulendo usanayambe. Koma amagonetsa tulo, woyendetsa asayerekeze, ndipo za ana afunse kaye kuchipatala.

Wa Ulongwe: Makatani ndichotsa usiku uno. Za matumba zija ndiye tikangana ndi wotolera ndalama wanga, pajatu thumba lililonse limalipira.