Kodi mtolankhani wa m'dera tingamufikire bwanji ndi nkhani yathu?

Funso:
Akuluakulu, ndine mlembi wa gulu la makolo lomwe latsegula laibulale ya ana, ndipo tikufunitsitsa kuti mtolankhani wa m'dera lathu alembe za ntchitoyi. Kodi tingamufikire bwanji kuti asatinyalanyaze?

Yankho loyamba:
Bambo mlembi, musanalembe kalikonse, werengani nkhani zake zaposachedwa kuti mudziwe ngati amalemba zamaphunziro. Kenako mutumizireni uthenga waufupi, womwe chiganizo chake choyamba chikunena chimene chachitika, anthu amene chikuwakhudza, malo ndi tsiku, chifukwa mtolankhani amene akuthamangira kukapereka nkhani kwa mkonzi alibe mpata wowerenga mbiri yonse ya gulu lanu. Ikaninso nambala ya foni ya munthu amene angayankhe nthawi yomweyo.

Yankho lachiwiri:
Ndiwonjezerepo kuti kutamanda gulu lanu si nkhani ayi. Mupezereni mphunzitsi kapena kholo loti lifotokoze zomwe zasintha pa kawerengedwe ka ana, koma zithunzi za anawo musatumize makolo awo asanavomere.

Yankho lachitatu:
Akapanda kuyankha, mukumbutseni kamodzi patapita masiku angapo. Musamupatse ndalama, ndipo musaumirire kuti muione nkhaniyo isanatuluke.