Ndewu ya mu ringi yatuluka yozizira, holo yatsala tsiku limodzi

Mphatso: Akuluakulu, zandivuta. Tikupanga filimu yaifupi ya mnyamata wankhonya. Loweruka tinajambula nkhonya yomaliza mu holo, makamera awiri pa thiraipodi (choimikirapo kamera cha miyendo itatu) kunja kwa zingwe za ringi. Ndakhala pa kompyuta masiku atatu koma zibakera zikuchita kuonekeratu kuti sizikufika pathupi, ndipo kumbuyo kukuoneka mipando yopanda anthu chifukwa oonerera anabwera 18 okha. Eni holo atilola tsiku limodzi basi. Ndikakonze chiyani?

A Gondwe: Achimwene, ndaona kachidutswa mwatumizako. Vuto lalikulu ndi pomwe munaimika kamera. Mwajambula ngati munthu amene walipira pakhomo n'kukhala pa benchi. Usiku uno pezani Raging Bull, ya Martin Scorsese ya 1980, ija Robert De Niro akusewera ngati Jake LaMotta. Musatsate nkhani, muyang'ane nkhonya zokha. Kamera ya Michael Chapman, amene anajambula filimuyi, ili mkati mwa zingwe, pafupi moti thukuta likathothoka pankhope mumaliona. Pitani pa nkhonya yomaliza ndi Sugar Ray Robinson, ya ku Chicago pa 14 February 1951 yomwe anaiimitsa mu raundi 13. LaMotta watsamira zingwe, Robinson wakweza dzanja, kumbuyo kwake utsi ndi getsi. Woonera amakhala kuti waima pomwe paima womenyedwayo. Chotsani thiraipodi, kamera imodzi pa phewa, lowani mu ringi.

Mphatso: Ndamva bambo. Koma ndikayandikira si ndiye ziziwonekeratu kuti sakumenyana zenizeni?

Tiyamike: Ayi achimwene, zimatengera mbali. Inu munajambula cham'mbali, ndiye mpata wa pakati pa gulovu ndi chibwano ukuoneka wonse. Imani kumbuyo kwa phewa la woponyayo, gulovu idutse pakati pa lenzi ndi nkhope ya mnzakeyo. Wolandirayo agwedeze mutu pa nthawi yake, asafulumire. Muyeserere zibakera zitatu kapena zinayi zokha, mujambule, mudule, muyeserere zina. Musawauze kuti "menyanani tione", wina athyoka mphuno ndipo filimu ithera pomwepo. Mum'patse madzi pang'ono m'kamwa, akalandira chibakera awalavule, getsi lili kumbuyo. Madontho amenewo ndi amene amachititsa kuti chibakera chioneke chenicheni.

A Gondwe: Za mipando musadandaule. Zimitsani magetsi onse a mu holo, musiye owala pamwamba pa ringi. Anthu 18 aja muwaunjike mizere iwiri mbali yomwe kamera yaloza, mukatembenuka nawonso asamuke. Kumbuyo kukhale mdima. Utsi pang'ono umabisa zambiri.

Yamikani: Ine ndilankhule za mawu, chifukwa ndi pomwe ambiri timagwera. Achimwene Mphatso, mwasiya phokoso lomwe kamera inatola mu holo, ndiye chibakera chikumveka ngati munthu akuphupha fumbi pa pilo. Mu filimu a Gondwe akunenayi, Frank Warner anapanga phokoso la chibakera chilichonse payekha, kuphwanya mavwende ndi matimati, mpaka kulowetsamo kulira kwa nyama pansi pake. Ine ndinayesapo ndi kabichi. Ndinamukulunga m'thaulo lonyowa, maiki pafupi, n'kumumenya ndi chibakera usiku anthu atagona. Ndinatola maulendo ngati 30, palibe awiri ofanana. Musabwereze phokoso limodzi, khutu limazindikira msanga. Chinanso chomwe ndimachikonda kwambiri mu nkhonya ya Robinson ija: chibakera chachikulu chisanatsike, phokoso la anthu limazilala, kumangomveka kupuma. Kachetechete ameneyo ndi amene amachititsa kuti chikatera mtima udumphe.

Mphatso: Nanga ndingoisandutsa black and white ngati iwowo? Mwina zingabise zambiri.

Tiyamike: Pamenepo ndikukanizani. Iwo anali ndi chifukwa. Nkhani yawo ndi ya m'ma 1940 ndi 1950, nthawi yomwe anthu ankaonera nkhonya pa zithunzi zopanda mitundu. Ndi chifukwa chakenso magazi anagwiritsa ntchito chokoleti, poti pa black and white amaoneka bwino kuposa ofiira. Mnyamata wanu ndi wa lero, ali ndi foni m'thumba. Mukachotsa mitundu popanda chifukwa anthu adzafunsa ngati TV yawonongeka.

A Gondwe: Achemwali akunena zoona, ngakhale ine ndikanayesa pa raundi yomaliza yokha ndione. Koma chomwe ndikufuna mutengepo ndi ntchito ya Thelma Schoonmaker, amene anadula ndi kulumikiza zithunzi za filimuyi n'kulandira mphoto ya Oscar. Nkhonya iliyonse anaidula molingana ndi zomwe zili mumtima mwa LaMotta tsiku limenelo, ndipo onse pamodzi mphindi zake ndi zochepa mu filimu yopitirira maola awiri. Inu mwaika maraundi atatu athunthu. Dzifunseni kuti mnyamata wanuyo akulowa mu ringi ali ndi mantha, mkwiyo kapena manyazi, ndiye musiye zokhazo zosonyeza zimenezo. Mujambulenso tinthu tating'ono: belu, chinkhupule chikufinyidwa pamutu madzi ofiirira akutsikira pamsana, dontho la magazi pa chingwe. Tinthu timeneti tidzakupulumutsani podula pomwe zithunzi ziwiri zikukana kulumikizana.

Yamikani: Slow motion, kuja zithunzi zimayenda pang'onopang'ono, musaiike paliponse. Malo awiri akwana. Ngati kamera yanu imatha kujambula zithunzi 60 pa sekondi, jambulani zibakera zikuluzikulu pa 60, mudzasankhe pa kompyuta.

Mphatso: Zikomo kwambiri nonse. Mnyamatayo akulowa ndi manyazi, anagulitsa nkhonya yapitayo ndipo mphunzitsi wake akudziwa. Ndiye ndikhala kwambiri pakona, pankhope ya mphunzitsiyo. Ndajambula tizithunzi 24 papepala, ndikatsata timeneti. Achimwene Yamikani, maiki yanu ija ingapezeke Lachisanu madzulo? Kabichi ndigula ndine.

Yamikani: Ipezeka. Mubweretse awiri, woyamba sachedwa kuphwanyika. Thaulo ndili nalo.