Makompyuta 8 opatsidwa, tingawamange bwanji kukhala cluster?

wakuMatero: Akuluakulu, tithandizeni nzeru. Tapatsidwa ma Dell OptiPlex 780 okwana 8, a Core 2 Duo, ena RAM 2GB ena 4GB. Tikufuna cluster yophunzirirapo, kutanthauza makompyuta olumikizidwa kuti azigwira ntchito imodzi pamodzi. Tiyambire pati?

Nachisale_IT: Musanalumikize ku malaiti, achimwene, yang'anani kumbuyo kwa power supply. Ena ali ndi kaswichi kofiira ka 115/230. Kakakhala pa 115, monga amabwerera ochokera ku America, mungomva phu! ndi utsi. Kankhirani pa 230. Kenako tsegulani, pemererani fumbi, pakani thermal paste yatsopano. Bodi imene ma capacitor ake atupa pamutu ikhale ya masipeya, idzakuvutitsani. Mabatire a CR2032 sinthani onse, chifukwa likatha wotchi imabwerera m'mbuyo. Pulogalamu yoyesa RAM ya Memtest86+ iyende usiku wonse pa makina alionse.

Phiri_Chilenje: Gulani switch ya gigabit ndi zingwe za Cat5e, ya 100Mbps idzakugwetsani ulesi. Ngati mudzafuna kulumikizanso rauta, ya madoko 8 siikwana, tengani ya 16. Ikani Debian 12 yopanda desktop pa onse. Imodzi ya 4GB ikhale mutu, igawire anzake /home kudzera pa NFS, njira yogawana mafayilo pa netiweki. Aliyense akhale ndi IP yosasintha, maina alembedwe mu /etc/hosts. Pamenepa mpamene ambiri amakodwa: mu fayiloyi Debian imamangirira dzina la makina ku 127.0.1.1, adiresi yoloza makina omwewo, ndiye node (kompyuta imodzi ya mu cluster) ikafuna mnzake imatha kudziyitana yokha, mpirun, lamulo loyambitsa pulogalamu pa makina onse, n'kungoti duu osanena kanthu. Mzerewo ufufuteni. Dzina la wogwiritsa ndi nambala yake (UID) zifanane paliponse, SSH (yolowera m'makina ena) ilowe ndi makiyi, Open MPI (yogawa ntchito pakati pa makina) ikhale ya version imodzi. Chrony, yofananiza mawotchi a makina onse, musaiwale.

wakuMatero: Zikomo. Ndiye RAM yonse iphatikizana kukhala imodzi?

Phiri_Chilenje: Ayi. Aliyense amadya zake. Pulogalamu yosalembedwera MPI imathamanga pa makina amodzi basi.

Nachisale_IT: Ndipo werengerani mayuniti. Tiyerekeze aliyense akukoka mawati 80: onse pamodzi 640, ndiye mayuniti 15 pa tsiku ngati sazima. Laputopu imodzi yatsopano ingawapose liwiro, choncho yatsani pophunzira pokha. UPS yaing'ono ikhale ya mutu ndi switch, popeza malaiti akathima NFS ikulemba, mafayilo amaonongeka. Mu BIOS ikani AC Recovery pa Power On kuti adzidzuke okha malaiti akabwera, ndipo Keyboard Errors muizimitse, apo ayi adzaima kudikira kiyibodi imene palibe. Ndi kutentha kwa Okutobala, asagundane pashelefu. Siyani mpata wa chikhatho.