Mapasa anga ndi ofanana nkhope, koma adokotala akuti ubongo wa mmodzi unalumikizana mosiyana

Mayi wa mapasa: Ndapempha oyang'anira gulu kuti abise dzina langa chifukwa abale akuchimuna ambiri ali momwemuno. Ndili ndi mapasa aamuna a zaka 9, ofanana moti ngakhale aphunzitsi awo amawasokoneza, koma m'kalasi ndi osiyana kwambiri. Wamkulu amawerenga bwinobwino, pamene wamng'ono amachedwa kumva malangizo, amalembera kumanzere, ndipo kumanga zingwe za nsapato kumamuvuta mpaka lero. Mwezi watha anamujambula mutu ndi makina a MRI kuchipatala china chachikulu, ndipo adokotala anati mlatho umene umalumikiza mbali ziwiri za ubongo wake ndi woonda. Anatiuza zimenezi ali chiimire, titadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pepala la zotsatira ndi la Chingerezi chovuta. Ndalama ya ulendowo ndinachita kukongola ku banki m'khonde popeza bambo a anawa anati alibe, chonsecho sabata yomweyo anagula foni yatsopano. Apongozi anga nawo akuuza mudzi wonse kuti wolakwa ndine, chifukwa ndinamulekerera mwana kudyera nsima kumanzere. Ndithandizeni, zingatheke bwanji kuti ana okhala m'mimba imodzi ndi kuyamwa bere limodzi asiyane ubongo? Kodi ndikajambulitse mnzakeyonso?

Mphunzitsi wa sayansi wopuma: Mayi, musamvere zakumudzi, ndipo ndikupempha onse awerenge kaye ndemanga yanga asanalembe zawo. Palibe anthu awiri amene zigawo za ubongo wawo zinalumikizana mofanana ndendende. Mu 2009 ku America anayambitsa kafukufuku wotchedwa Human Connectome Project, amene anajambula ubongo wa anthu pafupifupi 1,200, ena mwa iwo mapasa ndi abale awo. Mu 2015 akatswiri a ku yunivesite ya Yale anatenga zithunzi za anthu 126 ojambulidwa masiku osiyana, ndipo pongoyang'ana mmene zigawo za ubongo zimagwirira ntchito limodzi, anatha kuloza mwini chithunzi koposa ka 90 pa 100 paliponse. Mapasa ofanana amayandikana pa zimenezi kuposa anthu osadziwana, koma safanana kotheratu. Midzi ingakhale yomweyo, koma njira zopita mudzi ndi mudzi aliyense ali ndi zake, zina zotakata, zina zowirira.

Mayi a ku Nkhotakota: Zonsezi n'zamafoni, ana a masiku ano akuonongeka mitu chifukwa makolo mukuwapatsa foni asanayambe n'kuyenda komwe. Mwanena nokha kuti bambo awo agula yatsopano, ndipo sindikukayika kuti yakaleyo ili m'manja mwa anawo.

Namwino: Mayi wa mapasa, simunatiuze chinthu chofunika koposa, chifukwa chimene adokotala anamutumizira mwanayo ku MRI. Makina amenewa ndi ochepa kuno kwathu, ndipo mwana samujambula chifukwa chongochedwa kuwerenga. Kodi anakomokapo kapena kugwa ngati wakhunyu? Kodi anadwalapo malungo aakulu, kapena panali vuto pobadwa? Kodi zimene ankatha kale zikumukanika tsopano?

Mphunzitsi wa sayansi wopuma: Anamwino, mafunso anuwo akuopseza mayiwa pachabe. Mlatho wolumikiza mbali ziwiri za ubongowo dzina lake ndi corpus callosum, ndipo uli ndi timinyewa pafupifupi 200 miliyoni. Mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 4,000 amabadwa wopanda mlathowu, wonse kapena mbali yake, ndipo ena amakula, kukwatira ndi kugwira ntchito osadziwa n'komwe, mpaka atajambulidwa pa chifukwa china. Kim Peek wa ku America, amene anamwalira mu 2009, analibiretu mlathowu, koma ankasunga pamtima mabuku masauzande ambiri.

Wojambula odwala kuchipatala: Aphunzitsi, mukusakaniza zinthu ziwiri. Kafukufuku wa ku Yale anagwiritsa ntchito fMRI, imene imatsata kusintha kwa mpweya wa m'magazi pamene zigawo za ubongo zikugwira ntchito, pamene chimene anajambulitsa mayiwa chimaonetsa maonekedwe a ubongo basi. Ndiponso mwaiwala kunena kuti Kim Peek yemweyo sankatha kumanga mabatani a malaya ake, ndipo bambo ake ndiwo ankamusamalira moyo wake wonse.

Mwana wamasiye wa ku Ntcheu: Nkhaniyi yandikumbutsa malemu bambo anga amene anadwala sitiroko chaka chimodzi ndi mnzawo wa kumpingo. Mnzawoyo patatha miyezi ingapo anayambanso kulankhula, koma bambo anga anatsala ndi mawu amodzi okha, ankangoti "iyayi" pofuna madzi ngakhale poitana mdzukulu, misozi ili chuchuchu. Achibale anathawa onse, ndipo ndinkawatembenuza ndekha usiku. Mayi, musadalire achibale, pa matenda a mutu munthu umatsala wekha.

Mnyamata wa kabaza: Ngati palibe ubongo wofanana ndi unzake, ndiye kuti aphunzitsi anga a masamu ankandikwapula ndilibe mlandu, njira yopita kumasamu mwa ine inakokoloka ndi mvula.

Mlaliki wachinyamata: Ine ndikuona kuti mwanayo ndi wa ubongo wakumanja, popeza amalembera kumanzere. Ana otere ndi aluso pa zojambula ndi zoimba, choncho mumulowetse kwaya ndipo musamuvutitse ndi masamu.

Mphunzitsi wa sayansi wopuma: Alaliki, zimenezo ndi nthano, ndipo ndatopa kuzitsutsa pagulu pano. Mu 2013 ofufuza a ku yunivesite ya Utah anayang'ana zithunzi za ubongo wa anthu oposa 1,000 ndipo sanapeze umboni woti pali anthu a ubongo wakumanja ndi a ubongo wakumanzere. Chimene chilipo n'chakuti ntchito zina zimapendekera mbali imodzi. Paul Broca, dokotala wa ku France, anaonetsa kuyambira mu 1861 kuti kulankhula kumadalira chigawo china chakutsogolo kwa ubongo, chimene mwa anthu ambiri chili kumanzere. Mwa olembera kumanja, pafupifupi 95 pa 100 chilankhulo chimakhala kumanzere, pamene mwa amanzere ndi pafupifupi 70 pa 100, ndipo otsalawo chimakhala kumanja kapena mbali zonse. N'chifukwa chake ngakhale sitiroko imagwira anthu mosiyana, monga wanenera mnzathu wa ku Ntcheu. Nanunso ojambula, sindinasakanize kanthu, ndinaphunzitsa sayansi musanabadwe.

Wojambula odwala kuchipatala: Ulemu wanu aphunzitsi, koma zaka sizisintha makina. Mu 2022 ofufuza ena anaonetsa kuti pamafunika anthu masauzande kuti kugwirizana kwa zithunzi za ubongo ndi nzeru kapena khalidwe kudalirike, choncho palibe angalosere tsogolo la mwana mmodzi pa chithunzi chimodzi. Mayi, mnzakeyo musamujambulitse ngati alibe vuto, ndalamazo musunge za ulendo wobwerera kwa adokotala a ana, ndipo mukapemphe kuti akumasulireni pepalalo mzere ndi mzere.

Mayi wa mapasa: Zikomo nonse. Mayi a ku Nkhotakota, ana anga sagwira foni, yakaleyo bambo awo anapatsa mchemwali wawo. Aphunzitsi, mawu anu andilimbitsa mtima, koma ndikauza apongozi za ku America sangandimvere.

Namwino: Mayi, mwayankha onse kupatula ine. Ngati mwanayo amakomoka kapena kunjenjemera, pali mankhwala ake ndipo simuyenera kudikira tsiku limene anakulemberani. Pitani ndi buku lake lakuchipatala pamodzi ndi la sikelo la ali wakhanda, mukafunse za madokotala a mafizo, ndipo dzanja lamanzerelo mulisiye mmene lilili.

Mphunzitsi wa sayansi wopuma: Anamwino, za dzanjalo ndinanena kale m'njira ina. Alaliki sanandiyankhebe, ndipo ndikufuna atiuze kumene anazitenga zoti wamanzere aliyense ndi woimba.