Matayala a Royal Enfield Classic 350: ndigule ati kuno ku Mzuzu?

Wa ku Mchengautuwa:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi njinga yamoto ya Royal Enfield Classic 350 ya 2016, ya malimu a masipoko. Tayala lakumbuyo lasalala pakati, lakutsogolo mano akadalipo koma m'mbali mwayamba timing'alu. Kutsogolo palembedwa 90/90-19, kumbuyo 110/90-18. M'mashopu a m'tauni muno ndi ku msika wa Taifa ochuluka ndi a 17 ndi 18 a njinga za kabaza. Wina akuti ndiike 3.00-18 kumbuyo poti limu ndi 18 yomweyo, wina akuti 120/80-18 ndiye imaoneka bwino. Ndimayenda kwambiri pa tala, wa ku Nkhata Bay ndi wa ku Rumphi, koma wolowera kunyumba ndi wafumbi, dzinja likafika ndi matope okhaokha. Ndigule ati? Nanga lakutsogololi lingadikireko?

Makaniko wa ku Luwinga:

Achimwene, 3.00-18 ija musaiyerekeze n'komwe. Kulowa palimu ilowa, koma nkhani si kulowa kokha.

Pa 110/90-18, 110 ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita, 90 akutanthauza kuti msinkhu wa m'mbali mwake ndi 90 pa 100 ya kufutukukako, ndiye kuti 99 mm, ndipo 18 ndi kukula kwa limu m'mainchi. Pamene 3.00-18 ndi kalembedwe kakale ka mainchi: mainchi atatu, pafupifupi 76 mm basi. Mwachotsapo mamilimita oposa 30 pa kufutukuka kwa tayala, njinganso yatsika kumbuyo.

Choopsa kwambiri chili pa nambala yotsatira. Yang'anani tayala lanu lakalelo, likakhala lomwe linabwera ndi njinga mupezapo 61P. Nambala 61 ndi katundu amene tayala lingasenze, makilogalamu 257, ndipo P ndi liwiro, 150 km pa ola. Matayala ambiri a 3.00-18 amakhala 47, womwe ndi makilogalamu 175, olimbirapo amafika 52, makilogalamu 200. Njinga yanuyo payokha ikulemera pafupifupi makilogalamu 190. Mukwerepo inu, mukwezepo mnzanu ndi kachikwama, gawo lalikulu la kulemerako likupita kumbuyo. Tayala lolemedwa limapindika kwambiri m'mbali pozungulira, limatentha, chubu chimafewa, ndipo chimaphulika pomwe simukufuna, mwina pamakona otsetsereka a ku Nkhata Bay aja. Lamulo lake n'losavuta: nambala ya katundu ikhale 61 kapena kuposa kumbuyo, 52 kapena kuposa kutsogolo.

Za 120/80-18, ena amaika ndipo imayenda, koma ine sindiilimbikitsa. Msinkhu wake ndi 96 mm, sizikusiyana kwambiri ndi 99, vuto ndi kufutukuka. Limu ili ndi muyeso wake wodindidwa pachitsulo, monga 2.15 x 18. Tayala lalikulu palimu yopapatiza limapanidwa, msana wake umatukuka, ndiye limagwira msewu ndi kachigawo kochepa pakati n'kutha msanga pamenepo. Mpata wa pakati pa tayala ndi tcheni kapena chotchinga tcheni umachepanso, matope a kwanuko akamatirira zimayamba kukhulana. Ngati 110/90-18 yasowa, yoyandikana nayo m'kalembedwe kakale ndi 4.00-18. Kutsogolo, m'malo mwa 90/90-19 mutha kuika 3.25-19. Onsewa ndi otalikirapo pang'ono, choncho mukamanga zungulitsani gudumu ndi dzanja muone kuti silikukhudza madigadi kapena mabauti ake a m'kati.

Lakutsogolo lisadikire. Ming'alu ya m'mbali ikusonyeza kuti mphira yauma, ndipo mphira youma pa tala wonyowa imatereka ngakhale mano alipo. Buleki yamphamvu pa njinga imeneyo ndi ya disiki yakutsogolo. Lakumbuyo likatereka mumatha kuwongola, lakutsogolo likatereka muli pansi.

Chibanja Rider:

Zomwe anena amakanikowa nzoona, ine ndiwonjezere za mano ndi zaka.

Kwa njinga zooneka zachikale anthu amakopeka ndi tayala lakutsogolo la mizere yoongoka yozungulira, ngati Avon Speedmaster. Pa tala wouma limayenda bwino ndipo limaikometsa njinga, koma pa dothi lofiira la kuno likanyowa silikhala ndi choluma nacho. Mvula ya Mzuzu imachedwa kusiya, kenako kumabwera mawawa a nyengo yozizira, ndiye miyezi yoyenda ponyowa ndi yambiri. Mbali inayi, tayala la zibuluma zikuluzikulu la njinga za m'tchire nalonso si lanu: pa tala limalira, limanjenjemeretsa chiwongolero, limatha msanga, ndipo pakona yonyowa mphira yogunda pansi imakhala yochepa.

Chapakati ndi tayala la timabuloko tating'ono toyandikana, la mizere yotulutsa madzi mpaka m'mphepete. Dunlop K70 ndi chitsanzo chabwino, ndipo limapangidwa mu 3.25-19 ndi 4.00-18 momwemo. Ngati tala ndiye wochuluka kwenikweni, Avon Roadrider lilipo mu 90/90-19 ndi 110/90-18. A ku India, MRF ndi Ceat, amapanga miyeso yomweyi ndipo mtengo wake ndi wofikirika. La 19 lija kawirikawiri muyenera kuitanitsa kudzera kwa amene amapikula katundu ku Tanzania kapena ku Lilongwe. Alembereni miyeso yonse papepala, kuphatikizapo 52P ndi 61P, ndipo akutumizireni chithunzi cha m'mbali mwa tayala musanalipire.

Pachithunzipo funani manambala anayi omwe amakhala m'kabokosi kozungulira kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Akalemba 2322, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2022. Matayala a 19 sayenda malonda kuno, amatha kukhala zaka pashelefu, mwinanso padzuwa pakhomo pa shopu. Ine ndingakane lililonse lopitirira zaka zitatu chipangidwire. Likanikizeni ndi chikhadabo: mphira yabwino imalowa pang'ono n'kubwerera, yakale imakhala gwa ngati pulasitiki.

Onse awiri akhale a mtundu umodzi ngati n'kotheka. Pewaninso kusakaniza lokhala ndi R pamuyeso wake ndi lokhala ndi kamzere chabe, kapangidwe ka m'kati n'kosiyana ndipo njinga imagwedezeka pakona.

Wa ku Mchengautuwa:

Yewo chomene akuluakulu. Wogulitsa wina ali ndi 110/90-18 koma palembedwa Tubeless, kutanthauza losafuna chubu. Kodi lingagwire palimu ya masipoko? Chubu chakale sichinabookepo, ndingachibwezeretse?

Makaniko wa ku Luwinga:

Lingagwire, koma muikamo chubu basi. Limu ya masipoko imatulutsa mpweya m'mabowo a masipoko, ndiye popanda chubu sizitheka. Musanaike, pisani dzanja m'kati mwa tayala monse, muchotse kapepala kalikonse komatidwa m'katimo, chifukwa kamakhula chubu mpaka kubooka. Dziwaninso kuti m'mphepete mwa tayala lotere mumakhala molimba, kulilowetsa kumafuna kuleza mtima.

Chubu chakale ayi. Chinatanuka kale kutengera tayala lakale, m'latsopano chimapindika, ndipo popindikapo m'pomwe chimang'ambika. Gulani chatsopano cha muyeso wake, 18 kumbuyo, 19 kutsogolo, cholembedwa kufutukuka kofanana ndi tayala. Chubu cha 18 chokokedwa kuti chikwane pa 19 chimapyapyala pa valavu. Sinthaninso lamba wa mphira wophimba mitu ya masipoko m'kati mwa limu. Mukamuchotsa mupeza dzimbiri, makamaka kuno konyowa. Palani ndi bulashi ya waya, ndipo sipoko yomwe yatulukira m'kati muisalaze ndi fayilo. Gogodani masipoko onse ndi sipanala: yomangika bwino imalira ngwee, yomasuka imangoti phu. Imangeni tayala lisanalowe.

Poika, tsatirani muvi wa m'mbali mwa tayala, uloze komwe gudumu limazungulira. Pakakhala kadontho kachikasu, kayang'anizane ndi valavu. Chubu chipakeni paudala wa ana, chipopeni pang'ono chabe kuti chitenge maonekedwe, kenako muchilowetse. M'mphepete mwa tayala pakani madzi a sopo, osati oilo kapena girisi, zimenezo zimadya mphira ndipo tayala limadzatereka palimu. Mbali yomwe yalowa kale muziikankhira m'chigwa cha pakati pa limu, ndi pomwe mpata umachokera. Zitsulo zolowetsera zizilowa pang'onopang'ono, osazipitiriza kuimirira, apo ayi mutsina chubu chatsopanocho. Mukapopa, yang'anani kamzere kozungulira tayala pafupi ndi limu: katalikirane ndi limu mofanana mbali zonse ziwiri. Pena pakamira, phwetsani, pakaninso sopo, popaninso.

Kanati ka pa valavu musakamangire palimu, kakwezeni kagundane ndi kachivindikiro. Tayala likayamba kutsetsereka palimu, valavu imapendekeka ndipo mumaona isanazuke.

Dada wa ku Ekwendeni:

Chimodzi chomwe ambiri amaiwala akabwezera gudumu lakumbuyo: tcheni ndi buleki. Tcheni isewere 25 mpaka 30 mm pakati pake, ndipo zomangira za mbali zonse ziwiri zikhale pa chizindikiro chofanana, kupanda apo tayala latsopano lidyeka mbali imodzi. Ya 2016 ili ndi buleki ya dilamu kumbuyo, gudumu likasuntha ndodo ya buleki imafunika kuichunanso.

Pa mpweya, buku la Classic 350 yakaleyi limati 20 psi (muyeso wa mpweya pa geji) kutsogolo ndi 30 kumbuyo mukakhala nokha, 22 ndi 32 mukakweza munthu. Opopa ambiri amangoyesa ndi chala, choncho gulani geji yanu ndipo muziyesa m'mawa matayala asanatenthe, kamodzi pa sabata. Makilomita 150 oyambirira muyende mofatsa, chifukwa tayala latsopano limakhala loterera pamwamba. Chikangawa kukakhala nkhungu kapena Chiweta musapiteko sabata yoyambayo, yambani mwazungulira nalo m'tauni mpaka kunyezimira kwa pamwamba kutachoka, m'mphepete momwe.